Gwirani Mwendo

Telala, mayi wa shopu yosokera zovala, ankadziwa kuti mchimwene wake, amene anthu ankamutcha Mabatani, sanali wamwano. Anali munthu wanzeru, wosoka mabatani mosaphonya, koma sankayang'ana munthu m'maso, phokoso linkamulasa m'makutu ngati singano, ndipo mawu aliwonse ankawamva monga momwe anenedwera. Adokotala anati ndi otizimu. Tsoka lake, anthu a mumsewu safunsa adokotala asanakweze dzanja.

Tsiku limenelo mwini butchala, chimunthu cha manja ngati mafosholo, anabwera kudzayesa jekete yake yatsopano. Anadzitembenuza pagalasi monyadira.

"Iwe Mabatani, yandikhala bwanji?"

"Mimba yanu yakula," anayankha Mabatani, maso ali pa batani lachitatu. "Ili likukanika kutseka."

Amene ankadikira pabenchi anafa nako kuseka. Chenjerani ndi munthu wosekedwa pagulu, pakuti manyazi ake amafuna wina woti awalipire.

Khofi linalira. "Uzindiyang'ana ndikamalankhula, galu iwe!"

Mabatani anatseka makutu ndi zikhatho nayamba kugwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, akung'ung'udza. Telala ankadziwa kuti umo ndimo amadzitonthozera, koma mwini butchala anaona chipongwe. Anamugwira pakhosi nam'menyetsa kukhoma.

"Abwana, chonde, ndi mmene alili!" anadandaula Telala. Mantha atamusokoneza, anakuwa mawu amene aliyense amapepesera: "Achimwene, gwirani mwendo!"

Mabatani anamvera. Anagwada, nakumbatira mwendo wa mwini butchala ndi mphamvu zake zonse. Chimunthu chija chinadzandira, nkugwa chagada pagalasi. Galasi linaphwanyika, magazi nkuyenderera m'khosi.

"Wamisala wapha munthu!" anakuwa wina pakhomo.

Anthu anakhamukira m'shopumo. Dziwani kuti amene sanaone chiyambi cha nkhani ndiwo amakhala ndi zibakera zolemera. Mateche anagwa m'nthiti mwa Mabatani, wina anam'menya ndi ayironi pamsana, dzino nkugwera pakati pa zidutswa za nsalu. Komabe Mabatani sanausiye mwendowo. Onse ankakuwa kuti ausiye, koma kwa iye mawu ochulukawo anali chiphokoso chabe, ndipo kukakamira kwakeko kunkawonjezera ukali wawo. Telala anaona kuti akachedwa, amunyamula ali mtembo.

Anadziponya pamwamba pake. Mpando umene unalunjika mutu wa mchimwene wake unatera pa dzanja lamanja la Telala, zala nkuthyoka ngati timitengo touma. Sanalire. Anaika pakamwa pa khutu la Mabatani nalankhula motsitsa, mawu amodziamodzi.

"Achimwene, tsegulani manja onse awiri. Tsopano."

Manja anatseguka.

Mwini butchala anadzuka, wamoyo ndithu, akupukuta magazi ndi jekete yatsopano ija. Ataona zala za mayiyo zili lendelende, ankhanza aja anayamba kutuluka chamchira, aliyense akuti iye anangobwera kudzaleretsa.

Mabatani anakhala tsonga, milomo itatupa, maso ali pansi.

"Chemwali, munati mwendo, ine ndinagwira. Kapena munkanena wakumanzere?"

Telala anayang'ana dzanja limene silidzagwiranso sizasi monga kale. Ankafuna kumusisita mutu, koma anakumbukira kuti sakonda kukhudzidwa mwadzidzidzi.

"Munagwira wolondola, achimwene," anatero. "Imirirani. Tengani makiyi. Tipite kuchipatala."