Mitanda ya aneba m'chipinda chosokera

Mayi wina, telala wa madiresi aukwati, anakhalitsa kuchipatala akudwazika mayi ake. Tsiku lomwe anabwerera, asanavule n'komwe nsapato, anatsegula kachipinda kake kosokeramo. Khoma linali litabooledwa. M'mabowomo munatulukira mitanda ya denga, ndipo fumbi la njerwa linali litafiiritsa diresi la kasitomala lomwe analisiya pahang'ala.

"Bambo a mwana! Tabwerani mudzandiuze, ichi n'chiyani?"

Mwamuna wake anabwera akukanda m'mutu. Anati aneba awo, makanika, akuwonjezera chipinda, ndiye anapempha kuti atsamiritse denga pakhomapo m'malo momanga lawo.

"Inu n'kuvomera?"

"Ndimaona ngati n'zazing'ono. Anthu oyandikana..."

"Zazing'ono! Chipinda chomwe chimakudyetsani m'nyumba muno? Akanapempha bedi mukanawapatsanso?"

Telala anathamangira kwa aneba. Makanika anatuluka akupukuta girisi m'manja, nanena kuti nkhaniyo anakambirana amuna okhaokha, komanso khomalo ndi la onse chifukwa lili pamalire.

"La onse? Njerwa zake ndinasenza ndi mutu wangawu, ndili ndi pakati! Inu munali kuti?"

"Mayi, musandilalatire pakhomo panga. Kaitaneni wopima malo ngati mukufuna."

Anakamuitanadi. Wopima malo anabwera ndi makina ake amiyendo itatu, anakumba pansi pa maluwa mpaka anapeza chikhomo cha simenti chosonyeza malire, n'kukoka chingwe. Anthu a mumsewuwo anaunjikana kumpanda.

"Khomali lakhala pamzere penipeni," anatero wopimayo. "Theka n'lanu, theka n'lawo. Koma zoboola mpaka kutulukira m'chipinda cha eni, zimenezo ayi."

Makanika anangomva mawu oyambawo. Anawomba m'manja akuseka. "Mwamvatu! La onse!" Kenaka anauza amisiri ake kuti apitirize kukhoma malata.

Telala anatsatira wopima malo yemwe anali akupinda makina ake.

"Achimwene, ndiye kuti chilichonse chomwe chili mbali ino ya chingwe ndi changa?"

"Ndi chanu, mayi. Koma nkhani zotere kuli bwino kukadandaula kukhonsolo."

"Kukhonsolo mupite ndinu."

Analowa m'nyumba, natenga sowo ndi hamala m'bokosi la zida la mwamuna wake. Anacheka mitanda ija mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu. Mwamuna wake atamugwira mkono anamuyang'ana kamodzi kokha, bamboyo n'kubwerera chafutambuyo. Atatha kucheka, mayiyo anayamba kukhoma zotsalazo ndi hamala, kuzikankhira kutheka la eni ake.

Kuseri kwa khoma kunamveka phokoso. Denga linawerama, malata anatsetsereka, mmisiri yemwe anali pamwamba analumpha n'kugwera pamulu wa mchenga akutukwana. Mkazi wa makanika anabwera atamanga nsalu m'chiuno.

"Mfiti iwe! Ukanapha munthu!"

"Ndadula zanga! Zanu ndakubwezerani, tengani!"

Makanika analumbira kuti akaonana kukhoti, koma wopima malo atakana kukamuikira umboni, anangogula njerwa n'kumanga khoma lake, chipinda chake n'kuchepa.

Mabanja awiriwa sapatsananso moni. Yemwe zinamuthera moipa ndi mwamuna wa telala. Anamata yekha mabowo aja mkazi wake ataima kumbuyo, ndipo makanika, mnzake wakale, akamuona akubwera amalavula malovu n'kulowa pansi pa galimoto.