Timu ya Malemu Alfred

Malita anali atagwira kapu ya tiyi imene sankakumbukira kuti wamupatsa ndani, pamene a Yasini ananjuta pafupi ndi mpando wake n'kutsitsa mawu.

"Alamu, pepani kukuvutitsani pa nthawi ngati ino. Ndi nkhani ya dirafuti ya Loweruka."

Malita anangowayang'ana. Amuna ake, a Alfred, anagwa Lolemba m'mawa ali pa ntchito yonyamula katundu mu Rotherham momwemo, ku England, ndipo ambulansi inafika mtima utaima kale. Chichokereni tsiku limenelo anthu ankamuuza zinthu zambirimbiri, iye n'kumangogwedeza mutu. Koma izi zokha sanazimve n'komwe.

"Dirafuti? Yosewera ndi zitsekerero za mabotolo ija?"

"Ayi, alamu. Ya mpira wa pa foni uja."

A Yasini, omwe anali mnzawo wa malemu wa ponda apa nane mpondepo, anayesa kufotokoza. Anali gulu la azibambo asanu ndi atatu, onse ochokera kumudzi. Chaka chilichonse ligi ya ku England isanayambe ankakumana m'nyumba momwemo n'kumasankha osewera enieni mosinthanasinthana, mpaka aliyense timu yake itakwana. Wosewera amene mnzako watenga, iwe sungamutengenso. Akagoletsa ku bwalo, mwini wake wa pa foni amapeza mapointi. Anayambitsa gululo ndi a Alfred, ndipo tsiku anali atalitchera kale mu foni yawo.

"Ndiye Loweruka masana idzangoyamba yokha, dzina lawo n'kutuluka pakati pa mayina athu. Ena akuti tiisiye, ena akuti tisewere. Tasowa chochita, tati tifunse inu."

"Kodi mitu ikuyenda bwino?" Awa anali a Overton, akulu awo a malemu, omwe anabwera pa sitima kuchokera ku Leeds. "M'nyumba muno muli maliro, inu mukukamba zamasewera?"

A Yasini anapepesa n'kubwerera kumene anakhala. A Overton anakokera mpando pafupi.

"Alamu, amayi ku Ntcheu aimbanso. Akufuna kudziwa kuti mwana wawo afika liti. Achipatala akangotipatsa thupi, tiyenera kukhala titamanga mfundo imodzi."

"Ndamva, alamu."

"Mwamva, koma simukuyankha."

Akanayankha chiyani? A Alfred ananenapo zonse ziwiri. M'nyengo yozizira, akamavula nsapato zonyowa pakhomo, ankati, "Ine mudzanditengere kwathu, dothi la kuno n'lozizira." Koma akamaona mwana wawo Tiya akutsika basi ya kusukulu, ankati, "Kwathu ndi kumene kuli mwanayu." Tiyayo anabadwira konkuno, ku Ntcheu anangopitako kamodzi ali wakhanda. M'mawa wa tsikulo anafunsa amayi ake m'Chingerezi chake kuti adadi akapita, iye azikawaona kuti.

Lachisanu anthu atachepako, anatsitsa mapepala amene anawaponya pamwamba pa firiji tsiku limene anthu anayamba kubwera kudzapepesa. Ankawadziwa bwino. Mwezi wathunthu a Alfred akaweruka ankakhala nawo pa tebulo, wailesi ili pambali, cholembera chili kukamwa, iye n'kumawakalipira kuti achotse adye. Koma anali asanawawerengepo. Mayina anali m'mizere inayi: ogoletsa, apakati, otchinga kumbuyo, magoloboyi. Pambali pa mayina ena panali timawu. *Bondo silinapole. Amamenya mapenate. Timu yake yangokwera kumene, osamukhulupirira.* Mzere wa otchinga kumbuyo unathera pakati, dzina lomaliza lili ndi zilembo zitatu zokha.

Sanadziwe chifukwa chake, koma anaimbira a Yasini.

"Bwerani mudzandithandize kumaliza pepalali."

Anakhala pa tebulo masana onse. A Yasini ankawerenga mayina pa foni, iye n'kumalemba pansi pa zolemba za amuna ake.

"Amene mukumufuna kwambiri mumuike pamwamba. Wina akamutenga, mumukhwatche, mutsike pa wotsatira."

"Nanga ndidziwa bwanji amene ndikumufuna?"

"Wotchinga wabwino ndi amene timu yake sichinyitsa zigoli."

"Ndiye akhale kuti sanachite kanthu, apezabe mapointi?"

"Eya, bola mpira usalowe."

Malita anagwira mutu. Mapeto ake ankangosankha mayina amene ankamveka bwino m'khutu, a Yasini osatsutsa. Atamaliza anawafunsa osawayang'ana:

"Inuyo mukuti malemuwa tiwaike kuti?"

A Yasini anatembenuza foni yawo chadodolido, kenako chafufumimba. Nkhani yawo yopempha chilolezo chokhala m'dzikomo inali itatha zaka ili ku maofesi, ndipo sankaloledwa kugwira ntchito.

"Si ine woyenera kunena, alamu. Amayi awo ali moyo. Kungoti akapita ku Ntcheu, ambiri a ife tidzatsanzikana nawo pa eyapoti. Tikatuluka dziko lino sitingalowenso."

Loweruka masana azibambo aja anafika atavala zakuda, n'kukhala pansi pa kapeti, aliyense foni m'manja ngati akubisa chinthu chakuba. Mmodzi yekha, a Lucius, anali asanafike. A Overton anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja. Malita anakhala pa mpando wa amuna ake, foni yawo ili pa ntchafu, pepala lili m'manja. Zaka zonsezi Loweruka ngati limeneli linkamupeza ku shifiti, kosamalira okalamba, ndipo pobwera ankangopeza mbale zotsukatsuka. Sankadziwa ngakhale pokhudza.

"Mudzandiuza nthawi yanga ikakwana?"

"Foni ilira, alamu. Mukhala ndi kanthawi kochepa. Mukachedwa, imakusankhirani yokha."

Anayang'ana pepalalo, mizere yonse inayi, timawu tonse tija.

"Kodi chaka chatha anathera pa nambala chani?"

Azibambowo anayang'anizana. Kenako a Watson, dalaivala wa basi wa ku Sheffield, anaphulika n'kuseka, n'kudzigwira pakamwa mwamanyazi.

"Omaliza, alamu."

"Chaka chatha chokha?"

"Chaka chilichonse."

"Ndi mapepala onsewa? Ndi tulo tonse ankaluza tija?"

"Sankawagwiritsa ntchito," anatero a Yasini. "Nthawi yawo ikamakwana ankakhala ali kukhitchini kutiwotchera nkhuku, kapena ali pa siteji kukachingamira wochedwa. Tikamakuwa kuti a Alfred, ndi inu, ankangoti, 'Ndikubwera!' Pobwera, foni yawasankhira kale wothyoka mwendo."

Azibambowo anaseka, wina n'kupukuta maso ndi kolala ya malaya. Malita sanadziwe ngati aseke nawo kapena akwiye. Mwezi wathunthu wa chakudya chozizirira pa tebulo, chifukwa cha pepala losagwira ntchito!

A Overton anayandikira n'kutambasula dzanja. Malita anawapatsa pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa zolemba za mng'ono wawo mpaka pamene zinathera n'kuyamba za Malita.

"Mayeso a fomu folo anakonzekera kuposa tonse," anatero motsitsa. "Tsiku lake anachedwa. Ankakankha njinga ya mnzake imene inaphulika tayala."

Malita anamva mawu akutuluka m'kamwa mwake asanawaganizire bwino.

"Alamu, tiwaika kuno. Amayi ndiwaimbira ndekha mawa, musawauze ndinu."

"Adzalira kwambiri."

"Ndikudziwa. Ndidzalira nawo pa foni pomwepo, andinene zonse zimene akufuna."

A Overton sanavomere, sanakanenso. Anabweza pepalalo, n'kukoka thalauza lawo la suti m'mawondo, n'kukhala pansi pakati pa a Watson ndi a Yasini.

Mafoni onse analira pamodzi. Woyamba kusankha anali a Watson, ndipo anatenga dzina limene linali pamwamba penipeni pa mzere wa ogoletsa. Malita analikhwatcha monga anamuphunzitsira. Wachiwiri anatenga lotsatira, analikhwatchanso. Kenako foni ya pa ntchafu pake inanjenjemera, ndipo dzina la amuna ake linaonekera, manambala owerenga nthawi akutsika pambali pake.

"Ndi inu, alamu," ananong'ona a Yasini.

Anaika chala pa dzina lachitatu, n'kuyamba kulifunafuna pa foni. Pomwepo kunja kunamveka kugogoda, ndi mawu a munthu wopuma mwabefu akupepesa kuti basi inamusiya.

Malita anayang'ana foni, anayang'ana kukhomo. Anaika zonse ziwiri, foni ndi pepala, pa mpando, n'kudutsa pakati pa miyendo ya azibambowo. Akutsegula chitseko, kumbuyo kwake foni inalira kamodzi, nthawi yatha.

"Lowani, a Lucius, mwanyowa," anatero akuwalandira jekete. "Mwadya koma?"