Ngolo ya a Benjamini

A Agustino anali atachotsa kale mipiringidzo iwiri ya khola pamene a Kezia anatuluka m'nyumba, duku lakuda lili kumutu. Amuna awo, a Benjamini, mkulu wa mpingo m'mudzi wina wa kumapiri a ku Chisepo, anali ataikidwa m'manda dzana lake. Phulusa la pasiwa linali lisanasesedwe.

"Alamu, mwalawira," anatero a Kezia.

"Ndimati ndinyamuke dzuwa lisanakwere, kwathu ndi kutali," anayankha a Agustino, mng'ono wa malemuyo, maso ali pa zingwe. "Mwambo mukuudziwa. Achimwene anabwera kuno chikamwini. Ng'ombe ziwirizi ndi ngolo zibwerere kwawo."

Luckness, mwana woyamba wa m'nyumbamo, amene ankaphunzitsa ku Madisi, anamva ali pakhonde ndipo anafika msangamsanga.

"Bambo aang'ono, munaliko bambo akuumba njerwa mpaka manja kung'aluka kuti agule ng'ombezi? Mukatuluka nazo pano tikaonana kupolisi."

"Iwe, khala chete," anatero mayi ake mosakweza mawu. Kenaka anatembenukira kwa alamu awo. "Mukachita nazo chiyani?"

"Wogula alipo kale. Ndigule sikelo, ndiyambe kugula soya. Taonani nyumbayi, malata adzimbiri okhaokha, pomwe munthu anali ndi ngolo zaka zonsezi. Ankanyamulira anthu ulere ngati alibe ana. Chuma sichisungidwa choncho."

A Kezia anatsamira mtengo wa khola. Ng'ombe yofiira inawanunkhiza mkono.

"Si onse ankawanyamulira ulere. Wa fodya ankalipira, wa njerwa ankalipira, ndipo ana anaphunzira ndi thukuta limenelo. Muno sitinagonepo ndi njala. Koma achimwene anu ankati Mulungu akakupatsa ngolo, wakupatsanso katundu wa anzako. Ngati mwatsimikiza, tengani. Sindikangana nanu chifukwa cha nyama. Khasu ndili nalo, manja ndi awa, ndipo amene wandidyetsa mpaka lero sanafe. Ndikungodandaula za inuyo, alamu. Mtima ukazolowera kutenga, sukhuta."

A Agustino anamanga ng'ombe zija m'nyanga nazitulutsa.

Asanafike pachipata anakumana ndi Sabiti, mwini golosale ya pamphambano, ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo. Sabiti anavula chipewa nagwada pang'ono kwa a Kezia.

"Pepani amayi, ndikudziwa kuti muli pamaliro. Zaituni, mkazi wanga, matenda ayamba m'bandakucha. Azimayi akuti mwana wakhala mopingasa, afunika kuchipatala. Galimoto yaima kumsewu waukulu, dalaivala akuti mvula ija yakumba chitunda chonse, sangatsike. Ndimati mwina ngolo..."

Anaona zingwe zili m'manja mwa mlendo.

"Funsani bambo aang'onowa," anatero Luckness. "Akuti ng'ombe ndi zawo."

A Agustino anayang'ana Sabiti, nayang'ana njira ya kwawo imene inkakwera mbali ina ya phiri. Anapukusa mutu ngati munthu amene akukana, koma mawu amene anatuluka anali ena.

"Goli lili kuti?"

Luckness anathamangira kuseri kwa nkhokwe nalibweretsa. Manja a a Agustino ankaidziwa ntchitoyo, poti iwo ndi a Benjamini anakulira kubusa limodzi. Anakoleka goli, namanga zingwe za m'khosi, nabweza ng'ombe chambuyo mpaka mtanda wa ngolo unalowa m'malo mwake. Sabiti anakwera, akuloza njira.

"Ndikabwerako tikambirana," anatero a Agustino, chikwapu chili m'manja.

"Tikambirana, alamu. Koma taimani kaye."

A Kezia analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka chafutambuyo, akukoka matiresi amene ankakanirira pachitseko. Luckness anagwira mbali inayo, kenaka anaima.

"Amayi, awatu ndi a pabedi panu."

"Bambo ako ankatenga omwewa. Ankati thabwa limapweteka wodwala. Ife tinkagona pamphasa mpaka ngolo ibwere."

Awiriwo anakweza matiresiwo pangolo. A Kezia anamasula chitenje chapamwamba m'chiuno mwawo, nachiyala pamatiresipo, nachisalaza ndi chikhatho mpaka m'makona.