Waya wa M'munda wa Wagino

Maliro a Wagino atatha, anthu atasiya kubwera kudzapemphera, mkulu wake Darmaji anatenga pulayala n'kupita kumunda wa mpunga kukachotsa waya. Makoswe anali atavuta kwambiri ku Ngawi chaka chimenecho, ndipo Wagino anachita zimene anzake ankachita: anazunguliza munda ndi waya wosakutidwa, pafupi ndi nthaka, n'kumulumikiza ku magetsi a pampu ya madzi. Tsiku lina m'mawa anaiwala kuzimitsa. Anamupeza atagwa chafufumimba m'matope, waya ali m'manja.

Darmaji ankaphunzitsa zamagetsi pasukulu ya ntchito zamanja m'tauni. Anamuletsapo mng'ono wakeyo kangapo, koma iye ankangoseka. "Inu achimwene mumadya choko," ankatero. "Ife timadya mpunga."

Ali mkati mokulunga waya, anaona Sumini, mkazi wa malemuyo, ataima m'mphepete mwa munda.

"Alamu, ndiuzeni," anatero Sumini. "Magetsi amene anawapha anali ochuluka bwanji?"

"Zithandiza chiyani?"

"Anthu akuti anapsa m'kati monse. Ndikatsinzina ndimaona zomwezo. Inu ndinu odziwa, musandinamize."

Masamu amenewo Darmaji anali atawawerengera kale, mosafuna, ataima kumanda. Ananjuta n'kuyamba kulemba m'matope ndi nsonga ya pulayala.

"Waya uyu amakankha magetsi ndi mavoloti 220. Munthu wonyowa, woponda m'matope wopanda nsapato, mwa iye mumadutsa maampu ngati 0.2. Tikagawa 220 ndi 0.2 tipeza mmene thupi lake linakanira magetsiwo: maomu 1,100. N'kukana kochepa. Khungu louma likanalimbako."

"Zimenezo sindikuzimva."

"Ndiye imvani izi. Tikachulukitsa 220 ndi 0.2 tipeza mawati 44. Mphamvu yonse imene inalowa mwa iye ndi imeneyo. Sanapse m'kati, alamu. Mtima ndi umene unasokonezeka n'kuima."

"Kodi 44 n'zochuluka bwanji?"

"Ngati za fani yokupiza mphepo ija ya pabalaza panu."

Sumini anayang'ana manambala aja madzi akuwafufuta pang'onopang'ono. "Fani," anatero motsitsa mawu. "Munthu woti ankasenza matumba awiri a mpunga n'kumaimba."

Panali chinthu china chimene Darmaji ankachidziwa: magetsi otero amafumbatitsa zala, munthu amalephera kutaya waya ngakhale akufuna, ndipo sakomoka nthawi yomweyo. Sumini sanafunse, iyenso sananene. Anadzuka n'kupitiriza kudula waya pazikhomo.

"Musiyeni wayayo," anatero Sumini.

Darmaji anatembenuka, kuganiza kuti sanamve bwino.

"Mpunga wangoyamba kuchita ngala. Mukachotsa, makoswe a minda yonseyi athera muno. Ine ndizikumbukira kuzimitsa."

"Wagino ankanenanso choncho."

"Nanga ana ndiwadyetsa masamu anuwo?"

Darmaji anadula waya pachikhomo chomaliza. Anamaliza kukulunga waya, anamukoleka paphewa, n'kuuyamba ulendo. Sumini sanamutsatire, ndipo kwa nthawi yaitali akakumana panjira ankangomupatsa moni wapakamwa.

Darmaji anayesetsa. Loweruka lililonse ankabwera kudzafukiza utsi m'mauna a makoswe ndi kutchera misampha, mpaka anamanga kanyumba ka kadzidzi pamtengo pakati pa munda kuti azigwira makoswewo. Kadzidzi sanabwere. Pokolola, theka la mpunga linali mapesi okhaokha. Minda yoyandikana nayo inakolola bwino, ndipo waya wawo sanachotsedwe.