Maampu Khumi

Patapita masabata awiri chiikireni maliro a mkulu wake, wamagetsi wina anatsegulanso shopu yake. Pamaliropo sanalire, ndipo anthu anaziona, poti pamaliro anthu amabwera ndi maso. Iye sankamva kanthu. Akamupatsa chakudya ankadya, akamufunsa ankayankha, basi.

Mkulu wakeyo anafa ndi utsi masanasana. Anali wodwala sitiroko, wosatha kudzuka yekha pabedi. Tsikulo kunkazizira, ndiye mkazi wake anamuyatsira hita kuchipinda n'kuthamangira kukagula mankhwala. Pobwera anapeza aneba akuswa zenera.

Mkazi yemweyo ndiye anali woyamba kulowa m'shopumo m'mawa umenewo, atanyamula thumba. Analikhuthulira pathebulo, pakati pa mafani omasulidwa ndi masimbi a eni ake. Munatuluka hita yodetsedwa ndi mwaye ndi chingwe cha ekisitenshoni chopsa theka.

"Alamu, mundiyezereko chinthuchi," anatero. "Abale anu akuti ndinagula hita yachinyengo, ndinapha munthu. Amayi anu sakundiyankha ngakhale moni. Ndikufuna ndimve kwa inu, zikhale zimene zikhale."

Wamagetsiyo anapukuta hitayo, naikapo chingwe china chokhuthala, nailumikiza kukhoma. Mawaya ake anafiira bwinobwino ngati sanaonepo moto. Anatenga mita yake. Kusoketi inawerenga mavolti 230. Pachingwe inawerenga maampu khumi, ndiko kuti magetsi amene hitayo inkakoka.

Anang'amba kachidutswa ka katoni n'kulemba ndi pensulo ya kukhutu. Masamu amenewa ankawachita tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe. Mavolti kugawa ndi maampu, ndiye kuti wapeza mmene waya wa m'hita akukanizira magetsi kudutsa: 230 kugawa ndi khumi, maomu 23. Mavolti kuchulukitsa ndi maampu, ndiye kuti wapeza mphamvu yake: mawati 2,300. Anatembenuza hitayo n'kupala mwaye pakachitsulo ka kumbuyo. Panalembedwa mawati 2,300.

"Hitayi ilibe vuto," anatero. "Ikudya zimene analemba."

Mlamu wakeyo anakhala pansi pa kabenchi ka makasitomala. Sanamwetulire, anangotulutsa mpweya wautali.

Kenako wamagetsiyo anatola chingwe chopsacho. Kanali kawaya kowonda, koyenera wailesi ndi nyale, kotha kusenza maampu asanu okha. Pakatoni paja analemba 230 kuchulukitsa ndi zisanu, mawati 1,150. Hita inkafuna kuwirikiza kawiri. Kawaya koteroko kamatentha pang'onopang'ono, makamaka kakadutsa pansi pa matiresi, mpaka pulasitiki yake itasungunuka. Koma zimenezi siziyenera kufika pamenepo, chifukwa m'pulagi mumakhala fyuzi, kachubu kamene ntchito yake ndi kupsa msanga magetsi akachuluka, kuti china chilichonse chisapse.

Pulagi inali yosapsa, poti inali kukhoma la kutali ndi bedi. Anaimasula ndi sikuludiraiva.

Fyuzi inalimo, yakufa kalekale. Wina anaikulunga ndi waya wa kopa kuchokera kunsonga kufika kunsonga, kuti magetsi azingodutsa. Amisiri a zamagetsi onse amachita zimenezi, ndipo onse amalumbira kuti sachita. Amati n'zongoyembekezera, mawa abweretsa fyuzi yeniyeni, koma mawa lawolo silifika. Ameneyu anakulunga mwaukhondo, mizere yothinana, nsonga zopindidwa ndi pulayala kuti zisabaye chala. Wamagetsiyo anaidziwa ntchito ya manja ake.

Linali Lamlungu lina, zaka ziwiri zapitazo, mkulu wake asanadwale. Mpira unali utatsala pang'ono kuyamba ndipo wailesi inazima. Masitolo anali otseka. "Ndiye mmisiri wanji iwe, wolephera kawailesi?" mkulu wake anamuseka choncho. Iye anasenda kawaya ndi mano n'kukulunga fyuzi ya ekisitenshoni yomweyi, ndipo pasanathe mphindi zitatu wailesi inalankhula. Anamvera mpirawo limodzi, timu yawo n'kugonja.

Anaima ndi pulagiyo m'manja akudikira kuti mtima uchite kanthu, koma sunachite. Ankangomva hita ikumuotcha m'miyendo. Mlamu wake sankadziwa kusiyana kwa fyuzi ndi batire. Wamagetsiyo akanatha kumanganso pulagiyo n'kunena kuti kawaya kanachepa, ndipo sakananama. Koma amene analumikiza hita kukawayako anali mayiyu, ndiye kuti mlandu ukanatsalabe pamutu pake mpaka imfa.

Anazimitsa hita, naika pulagi yotsegulayo patsogolo pa mlamu wake.

"Mukuona waya wokulungidwayu, alamu? Sayenera kukhalapo. Ndinaikapo ndine."

Anafotokoza zonse ndi mawu omwe amafotokozera kasitomala za firiji, akuloza manambala a pakatoni ndi pensulo. Mayiyo anamvetsera osamudula. Anayang'ana pulagiyo nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Mukawauze amayi anu," anatero pomaliza. "Ine sangandimvere."

"Ndipita lero lomwe."

Mayiyo anapinda thumba lake lopanda kanthu naimirira. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Fyuziyo ikanakhala yeniyeni, chikanachitika n'chiyani?"

"Ikanapsa musanapite patali. Hita ikanazima."

"Ndiye kuti akanangozizidwa."

"Akanangozizidwa, alamu, mpaka inu mutabwera."