Pikapu ya Hudson Isaime Panjira

"Anachotsa batire ndani?" anafunsa Jenifer, makaniko wa pa Chitakale, maso ali pa kamakina kamene analumikiza kunsi kwa chiwongolero.

Estele anayang'ana mlamu wake Alufeyo, Alufeyo n'kuyang'ana kuphiri ngati kuti ndi phirilo lafunsidwa. Anachotsa ndi iyeyo, pamaliro a mkulu wake Hudson, magetsi atathima kwaya ili pakati pa nyimbo. Anayatsira sipika ndi mababu awiri, anthu n'kumuyamikira kuti mwana wa m'tauni ndi wochangamuka.

"Ndiye kompyuta ya galimotoyi yaiwala zonse," anatero Jenifer. "Zina yakumbukira, koma kwatsala chimodzi. Iyenera kudziyeza yokha ngati mpweya wa petulo sukuthawa m'thanki. Isanatero, makina a ku loji aikana basi."

Kwa zaka zisanu ndi zinayi Hudson ankanyamula alendo okwera phiri pamodzi ndi katundu wawo, atalembedwa ntchito ndi loji ina ya ku Likhubula. Eni lojiyo anavomera kuti mkazi wake Estele apitirize, poti malemuyo anamuphunzitsa kuyendetsa, bola pikapuyo ipambane kaye pa makina awo oyezera monga mwa chaka chilichonse. Koma Alufeyo anali atapeza kale wogula ku Limbe. Sanali munthu woipa ayi, kungoti anali wa gulu lija limene limadziwa zokomera aliyense osamufunsa mwini wake.

"Galimoto yokalamba ngati iyi idzakuyamwani magazi, alamu," anali atanena pamaso pa abale. "Tchuthi changa chikutha Lachinayi. Ikalephera pofika tsikulo, ndipita nayo."

Jenifer anapukuta manja. "Mverani bwino, mayi. Igone usiku wonse injini izizire. Petulo asadzaze, asatsalenso pang'ono, akhale cha pakati. Muinyamuke m'mamawa kusanatenthe, muyende liwiro limodzi, sikisite, kwa mphindi makumi awiri. Osaima panjira. Mukangoima, mwayambiranso mawa lake."

Lachiwiri zinakanika chifukwa Alufeyo, pofuna kuonetsa kuti alibe kampeni kumphasa, anakadzaza thanki mpaka pakamwa. Anatha tsiku lonse akupopa petulo ndi paipi, mkamwa muli fungo lokhalokha. Lachitatu thirakitala ya tiyi inapingasa msewu, Estele n'kuponda buleki misozi ili m'maso. Madzulo ake anakhala yekha m'pikapumo pansi pa mtengo wa mapeyala, osailiza. Mpando unali wolowa pakati, mmene unauumbira msana wa Hudson, ndipo mapazi ake ankafikira mapedulo movutikira. Akanatha kuusendeza kutsogolo, koma sanafune. Anamusowa mwamuna wake kwambiri moti anaopa kulowa m'nyumba.

Lachinayi ananyamuka nkhungu idakali pa minda ya tiyi, Alufeyo ali pambali atapakata chikwama chake cha ulendo. Analowera msewu wa ku Chonde. Singano inakhazikika pa sikisite, Estele atagwira chiwongolero ngati wanyamula mbale yodzaza madzi.

Asanapite patali, amayi atatu osenza madengu anakweza manja. Estele anadutsa. Patsogolo pang'ono ana asukulu anathamangira kumsewu akukuwa dzina la Hudson, kenaka n'kuima chilili ataona amene akuyendetsa.

"Anthu a kuno amayesa galimoto iliyonse ndi minibasi?" anadandaula Alufeyo.

"Iyi yokha," anayankha Estele, osacheuka.

"Mphindi khumi ndi zinayi," anatero Alufeyo patapita kanthawi, akuyang'ana wotchi. Mawu ake anamveka ngati naye wayamba kufuna kuti zitheke.

Pamene kanjira kochokera kumidzi ya kumtunda kamakumana ndi tala, panali bambo wokalamba atakhala pa mwala, jekete lalikulu, ndodo pakati pa miyendo. Sanakweze dzanja. Anangopendeketsa mutu kumvetsera injini, n'kudzuka pang'onopang'ono, n'kufika m'mphepete mwa tala akumwetulira, maso ake oyera ndi ng'ala akuyang'ana pamene panalibe kanthu.

Estele sanamudziwe. Koma munthu saimirira choncho podikira galimoto yachilendo. Anamudutsa, namuona pa galasi akadali chiimire, kumwetulira kuja kusanachoke, akudikira kuti injini itsike mawu.

"Zatsala zisanu zokha, alamu," anatero Alufeyo chapansipansi.

Estele anaponda buleki. Anaika giya yobwerera m'mbuyo mpaka pikapu inaima pafupi ndi mwala uja.

"A Hudson, lero mwandipitirira bwanji?" anaseka mkuluyo akupapasa chitseko. "Mwayamba kukalamba ngati ine? Tiyeni, mzere wa mankhwala a shuga sudikira munthu."

Anayankha ndi Alufeyo. "Pepani, bambo. Achimwene anatisiya. Tinaika Lamulungu."

Dzanja la mkuluyo linaima pa chitseko. Anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa nthawi yaitali.

"Kwathu kumtunda uthenga sufika msanga," anatero pomaliza. "Ine ndine Muhiwa. Lachinayi loyamba la mwezi, zaka zinayi tsopano, amabwera kudzanditenga pano kupita nane kuchipatala pa boma. Si m'bale wanga, anangondipeza tsiku lina nditagwa m'ngalandemu. Ndikafuna kuwaninkha kankhuku amakana, amati ndi panjira pawo pomwe."

Estele anaweramira pa chiwongolero. Likhubula ili kwina, kanjira aka kali kwina, sipanakhalepo panjira pa Hudson ngakhale tsiku limodzi. Ndiye kulawira kwake kuja kwa Lachinayi, n'kumati akukaonetsa matayala! Analira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

"Pitani, ana anga," anatero a Muhiwa akubwerera ku mwala wawo. "Ndidikira ina."

Alufeyo anayang'ana chikwama chimene chinali pamiyendo pake. Kenaka anatsegula chitseko, natsika, nawagwira mkono a Muhiwa n'kuwakhazika pa mpando wake, ndodo n'kuwaikira bwinobwino pambali. Chikwama chija anachiponya kumbuyo, iye n'kukwera komweko, pa malata onyowa ndi mame. Anagogoda pa kazenera.

"Tembenuzani, alamu, angachedwe pa mzere," anatero. "Mawa ndikudzutsani ndine. Mwina mpando uwo tiusendezeko pang'ono."

Estele anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje chakuda, nakhotetsa pikapu kuloza ku boma.