Achemwali Anaphunzira Kudziletsa

Achemwali anga a Bok-rye anayamba kuphunzira Chingerezi ali ndi zaka 63, ndipo ine ndinawaseka, Mulungu andikhululukire. Mwana wawo Gyeong-tae, yemwe anamusiya kunyumba ya ana amasiye ali ndi miyezi isanu, anali atalemba kalata kuchokera ku Amereka kuti akubwera kwathu kuno ku Daegu. Bungwe lomwe linamutumiza kunjako linawapatsa ola limodzi lokha loti aonane naye. Akakondwa nawo adzabweranso, akapanda kukondwa ndiye basi.

Mayi wa kubungweko anawachenjeza: "Ana amenewa sachedwa kuchita mantha. Wina anathawa mayi ake atamugwira miyendo n'kumalira. Musamukhudze, musamulirire, musamukakamize kudya."

Ndiye masana aliwonse achemwali ankandisiyira benchi yathu ya nsomba zouma n'kupita kwa a Pyo, mphunzitsi wopuma pantchito. A Pyo anawalembera liwu limodzi papepala, refrain, ati ndiko kudziletsa pa chinthu chomwe mtima ukuchifunitsitsa. Ati azungu amalemekeza munthu wotero. Chonsecho a Pyowo ku Amereka sanapondeko n'komwe!

"Achemwali, uyutu ndi mwana wanu, si nduna ya boma," ndinkawauza.

"Khala chete iwe. Akandithawa udzandibwezera ndiwe?"

Ankayeserera pagalasi, kumwetulira pang'ono, manja ali pamaondo, mpaka masaya kuwawa.

Tsikulo litafika, mu ofesi ya bungwe munalowa mwamuna wamtali wa zaka 40, makutu enieni a malemu bambo athu. Ine misozi inali kale chuchuchu. Achemwali anawerama mwaulemu ngati akulandira kasitomala. Supu ya ndere za m'nyanja, ija timamwa pa tsiku lobadwa, anaiphika m'mamawa, koma inangokhala m'chikwama pansi pa tebulo.

Gyeong-tae anafunsa kudzera mwa womasulira: "Kodi munkandiganizirako?"

Achemwali anayankha okha m'Chingerezi chawo chija, mawu osalala bwino: "Nthawi zina."

Nthawi zina! Munthu woti zaka zonsezi akaona kamwana pamsika amasiya kuyeza nsomba n'kumakayang'ana mpaka kabisike! Ndinawaponda phazi koma sanagwedezeke. Pansi pa tebulo zikhadabo zawo zinali zitalowa m'chikhatho. Mwanayo anadikira, nadikirabe, kenaka anayang'ana wotchi.

Patapita masiku atatu mayi wa kubungwe uja anandiimbira tili pamsika. Ati Gyeong-tae wathokoza kwambiri, waona kuti mayi ake ali pamtendere ndipo sakufuna kuwasokoneza. Wapempha kuti adiresi yake isaperekedwe. Ndege yanyamuka m'mawa uno.

Achemwali ananditsomphola foni.

"Mayi, chonde, muuzeni ndinanama! Tsiku lililonse! Mwamva? Muuzeni tsiku lililonse!"

Msika wonse unatembenuka. Ndinamva mawu aja pafoni akuti pepani, uthenga tiusunga m'failo, adzauwerenga akadzafunsa yekha.

"Nanga akapanda kufunsa?" anakuwa achemwali.